Mankhwala a matenda okhumudwa akakanika kwa msilikali wopuma: kodi mavitamini a m'botolo angathandize?

Ngati ndinu msilikali wopuma, kapena mumasamalira bambo, amuna anu kapena achimwene amene anavula yunifolomu, mwina mawu awa si achilendo: "Mankhwala a kuchipatala aja sakugwira, yesani awa ochokera kunja." Wonenayo amakhala atagwira botolo lonyezimira, kapena wakutumizirani chithunzi chake pa WhatsApp. Pabotolopo palembedwa omega-3, zinc, vitamini D, kapena dzina la chitsamba chimene simunachionepo. Mtengo wake ndi woti penshoni ya mwezi imatsala yopunduka.

Madokotala a m'mayiko ena akhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka zoposa 20. Zimene apeza ndi zakuti mwa mankhwala onse owonjezera michere m'thupi amene amagulitsidwa, ndi ochepa okha amene aonetsa kuti amathandizako munthu amene matenda ake okhumudwa avuta. Thandizolo ndi lapang'ono, ndipo linaoneka mwa anthu amene ankamwa zinthuzi pamodzi ndi mankhwala a dokotala, osati m'malo mwake. Ena mwa mabotolowa ndi oopsa kwa munthu amene ali pa ma ARV.

Chimene msilikali amabwera nacho kumudzi

Asilikali a Malawi aona nkhondo ngakhale kuti dziko lathu lakhala pamtendere. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ankalondera njanji ya Nacala ku Mozambique nthawi ya nkhondo ya RENAMO. Kuyambira 2013 akhala akupita kum'mawa kwa DRC m'gulu la asilikali a United Nations lololedwa kumenya nkhondo, limodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa. Mu November 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni, ndipo mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anapatsidwa mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu 2019 chifukwa anafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania. Mu January 2025 ena atatu anaphedwa pankhondo yolimbana ndi M23.

Amene anabwerako amoyo ambiri amakhazikika bwinobwino. Ena amatenga ndalama zawo zopumira, n'kukalima fodya ku Santhe, Chamama kapena Nkhamenya, koma mtima osakhazikika. Ku barakisi tsiku linali ndi ndondomeko, anzako anali pafupi, malipiro ankabwera mwezi ndi mwezi. Kumudzi ndalama imabwera kamodzi pachaka, mabelo akagulidwa ku Chinkhoma, ndipo ikalowera kungongole ya feteleza munthu amatsala manja lende.

Matenda okhumudwa, amene pachingerezi amati depression, si ulesi kapena kufooka mtima. Munthu amakhala wosasangalala pafupifupi tsiku lonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, zimene ankazikonda zimamutayikira kukoma, tulo timavuta, chakudya sichilowa, amadziona wachabechabe, ndipo nthawi zina amaganiza zoti bola kufa. Kwa abambo, makamaka amene anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, matendawa amatulukira m'kupsa mtima, m'mowa, ndi m'madandaulo a mutu, msana ndi kutopa. Mwa asilikali nthawi zambiri amayenda limodzi ndi vuto lina lotchedwa PTSD: kulota zoopsa zimene munthu anaona, kudzidzimuka ndi phokoso, kupewa chilichonse chokumbutsa za kunkhondo.

Musanati "mankhwala akanika"

Madokotala amati matenda okhumudwa ndi osamva mankhwala ngati munthu wayesa mitundu iwiri ya mankhwala, uliwonse pamlingo wokwanira komanso kwa masabata okwanira, kawirikawiri 6 mpaka 8, koma osachira. Mawu ofunika apa ndi "mlingo wokwanira" ndi "masabata okwanira", ndipo ndi pamene anthu ambiri kwathu kuno amagwera.

M'zipatala za boma mankhwala opezeka kwambiri ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Amitriptyline amayambidwa pamlingo wochepa, monga 25 mg, ndipo pamlingo umenewu amagonetsa bwino komanso amachepetsa ululu, koma kuti achize kukhumudwa nthawi zambiri dokotala amayenera kukweza pang'onopang'ono kufika pa 75 mg kapena kuposa. Munthu amene wamwa kapiritsi kamodzi ka 25 mg kwa chaka chonse sanayesebe mankhwalawo mokwanira. Fluoxetine amayambira pa 20 mg, ndipo kusintha kumayamba kuoneka patapita masabata awiri mpaka anayi. Amene wasiya pa tsiku la khumi chifukwa "sindikumva kanthu" sanawapatse mpata. Chimodzimodzi amene amamwa mwezi umodzi, kudumpha miyezi iwiri chifukwa mankhwala anatha kuchipatala kapena ya basi inasowa nthawi yosoka fodya, kenako kuyambanso. Kukweza mlingo ndi ntchito ya dokotala, osati yanu, chifukwa amitriptyline akachuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima.

Palinso zinthu zina zimene zimatchinga mankhwala. Mowa ndiye woyamba: kachasu madzulo alionse amafafaniza zimene piritsi la m'mawa lagwira. PTSD yosathandizidwa ndi yachiwiri, chifukwa imafuna uphungu wapadera wolankhulana, osati mapiritsi okha. Matenda a chithokomiro, shuga, kuchepa kwa magazi ndi ululu wokhalitsa wa mabala akale zimabweretsanso zizindikiro zofanana. Ndipo ngati munthuyo anakhalapo ndi nyengo yosangalala mopitirira muyeso, osagona koma osatopa, kumwaza ndalama ndi kulankhula kosalekeza, dokotala ayenera kudziwa, chifukwa amenewo ndi matenda ena ofuna mankhwala ena.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, kukanika kwa mankhwala oyamba si chinthu chachilendo. Pakafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa STAR*D, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006, munthu mmodzi yekha mwa atatu alionse ndi amene anachiriratu ndi mankhwala oyamba. Kafukufuku wina, VAST-D wa mu 2017, anachitika mwa asilikali opuma 1,522 a ku America amene mankhwala oyamba sanawathandize, ndipo pafupifupi theka la iwo anali ndi PTSD. Ena anawasinthira mankhwala, ena anawawonjezera achiwiri. Amene anachira pa masabata 12 anali pakati pa 22 ndi 29 mwa 100 alionse. Ziwerengerozi n'zosasangalatsa, ndipo ndi zimene zimachititsa odwala ndi madokotala omwe kuyang'ana kumabotolo a mavitamini.

Botolo ndi botolo: umboni ukuti chiyani?

Mafuta a nsomba otchedwa omega-3 ndiwo anafufuzidwa kwambiri, ndipo nkhani yake ili ndi asilikali m'kati. Mu 2011 akatswiri a ku America anayeza magazi osungidwa a asilikali 800 amene anadzipha pakati pa 2002 ndi 2008, n'kuwayerekeza ndi a asilikali anzawo 800. Anapeza kuti amuna amene anali ndi mafuta a mtundu wa DHA ochepa m'magazi anali pachiopsezo chachikulu. Ogulitsa amaikonda nkhani imeneyi, koma samalani nayo. Kupeza zinthu ziwiri pamodzi sikutanthauza kuti china chabala chinzake. Munthu wokhumudwa amadya mosasamala, choncho n'kutheka kuti matenda ndiwo anatsitsa mafutawo.

Pamene omega-3 anayesedwa ngati chowonjezera pa mankhwala a dokotala, phindu laling'ono linaoneka, makamaka ndi mtundu wotchedwa EPA pamlingo wa galamu imodzi mpaka awiri patsiku. Apa tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo. Kapisozi wamba wolembedwa "1000 mg" nthawi zambiri amakhala ndi EPA wokwana 180 mg yekha, kutanthauza kuti pamafunika makapisozi 6 patsiku kuti mufike pa galamu imodzi. Botolo la makapisozi 60 limatha m'masiku 10, pamene kuyesa koyenera kumatenga masabata 8. Werengerani nokha mtengo wake. Musasokonezenso ndi cod liver oil, amene ali ndi vitamini A wambiri woti akachuluka amawononga chiwindi.

Akatswiri nawo sagwirizana pa omega-3. Malangizo amene mabungwe awiri a madokotala a matenda a maganizo, WFSBP ndi CANMAT, anatulutsa mu 2022 amavomereza kumuwonjezera pa mankhwala. Koma malangizo a mu 2016 a nthambi ya boma la America yoona za asilikali opuma, pamodzi ndi unduna wa zachitetezo, analangiza kuti omega-3 ndi vitamini D asagwiritsidwe ntchito pochiza matenda okhumudwa. Ndipo pakafukufuku wa VITAL, amene anatsata anthu oposa 18,000 a zaka 50 kupita m'tsogolo kwa zaka pafupifupi zisanu, vitamini D ndi omega-3 yemwe sanateteze anthu kuti asadwale matendawa.

Nkhani ya folate ndi yosocheretsa, chifukwa mayina ake amafanana. Folic acid wamba, yemwe amayi oyembekezera amalandira kusikelo, anayesedwa ku Wales mwa odwala 475 ndipo zotsatira za mu 2014 zinaonetsa kuti sanawonjezere kanthu. Mtundu wina wotchedwa L-methylfolate ndiwo unaonetsa phindu mu 2012: mwa odwala amene mankhwala awo sankagwira bwino, 32 mwa 100 anapezako bwino atawonjezera 15 mg patsiku, poyerekeza ndi 15 mwa 100 amene anapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala. Theka la mlingo umenewu silinathandize. Kafukufukuyo anali wa anthu ochepa, mankhwalawo ndi okwera mtengo, ndipo si amene ali m'mavitamini wamba a m'sitolo.

SAMe anaonetsa phindu lofanana pakafukufuku wamng'ono wa mu 2010, koma akafukufuku otsatira sanatsimikize, ndipo akhoza kuyambitsa kusangalala kopitirira muyeso kuja mwa amene ali ndi matenda oterowo. Vitamini D amathandiza makamaka amene akumusowadi, ndipo mlimi amene amakhala padzuwa kuyambira kunazale mpaka kuchigafa sakhala woyamba kumusowa.

Nanga kuphatikiza zonse pamodzi, monga amachitira mabotolo a "zonse m'modzi"? Ku Australia anayesa zimenezo. Anapatsa odwala SAMe, folate, omega-3, zinc ndi 5-HTP nthawi imodzi, ndipo lipoti la mu 2019 linati gululi silinapose amene anamwa mapiritsi opanda mankhwala. Kuno kwathu, kafukufuku wa ku Mangochi amene anapatsa amayi oyembekezera chiponde chokhala ndi mavitamini ndi michere yambiri sanapeze kuti chinachepetsa kukhumudwa atabereka.

Njala yobisika ya m'dera la fodya

Izi sizikutanthauza kuti chakudya chilibe mbali. Kumene kuli kusowa kwenikweni kwa michere, kuibwezeretsa ndi chithandizo chenicheni, ndipo chigwa cha Kasungu ndi Dowa chili ndi mbiri yake.

Pakati pa 2015 ndi 2016, m'dera la Kasese ku Dowa, pamsewu wa M1 wopita ku Kasungu, anthu oposa 600 anapezeka ndi pellagra, matenda obwera chifukwa chosowa vitamini B3. Amagwira anthu amene amadalira chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira, komanso zidakwa ndi ena amene akumwa isoniazid, mankhwala oteteza kapena kuchiza TB. Zizindikiro zake ndi khungu lakuda, lokhakhala ndi losenda m'malo amene dzuwa limaomba, monga m'khosi, kunja kwa manja ndi kumapazi, kutsegula m'mimba, ndiponso kusintha kwa maganizo: kukhumudwa, kuiwala, kusokonezeka. Munthu wotere mukhoza kumupatsa fluoxetine chaka chonse osachira, pamene mapiritsi otchipa a nicotinamide amamusintha m'masiku ochepa. Ngati wodwala wanu ali ndi khungu lotere, muonetseni dokotala ndipo tchulani dzina la matendawa.

Vitamini B12 naye akasowa amabweretsa kukhumudwa, kuiwala ndi dzanzi kumapazi. Amasowa mwa okalamba, mwa amene sadya nyama, nsomba kapena mazira kwa nthawi yaitali, ndi mwa odwala shuga amene amwa metformin kwa zaka zambiri. Kumwa folic acid wambiri mwachisawawa kumabisa vutoli m'magazi pamene mitsempha ikupitirira kuwonongeka.

Zinc ndiye wosowa kwambiri. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 6 mwa 10 alionse, amuna omwe, ali ndi zinc wochepa m'magazi. Pali umboni wochepa wakuti zinc wowonjezeredwa pa mankhwala a dokotala amathandizako, koma unachokera m'makafukufuku ang'onoang'ono a kunja. Selenium nayenso ndi wochepa m'nthaka yathu yambiri, n'chifukwa chake mu 2019 akatswiri anasankha dera la Mfumu Wimbe ku Kasungu kuti ayese ufa wa chimanga cholimidwa ndi feteleza wokhala ndi selenium. Selenium anakweradi m'magazi a amayi ndi ana amene anadya ufawo. Kafukufukuyo sanali wa matenda a maganizo, choncho wina asakunamizeni kuti anatsimikiza kuti selenium amachiza kukhumudwa.

Kunena mosabisa, ndalama ya botolo limodzi la kunja ingagwire ntchito yaikulu itapita kumsika. Usipa, matemba ndi kapenta, zodyedwa ndi mitu ndi minga yomwe, zili ndi B12, zinc ndi omega-3 pang'ono. Mtedza, umene Kasungu amalima wambiri, uli ndi vitamini B3 wochuluka, ndipo nsinjiro mu nkhwani kapena chisoso ndi chitetezo chabwino ku pellagra. Nyemba, khobwe, soya ndi bonongwe zili ndi folate. Mgaiwa umasunga michere imene ufa woyera umataya pokonola ndi poviika. Chakudyachi sichichiza matenda okhumudwa aakulu pachokha, ndipo usipa sungafike pamlingo wa EPA umene unayesedwa kuja. Chimangochotsa chopinga chimodzi kuti mankhwala agwire pathupi lamphamvu.

Apa ndiye pali ngozi

Chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa St John's wort, chimene pabotolo chimalembedwanso kuti Hypericum, chili ndi umboni wakuti chimathandiza kukhumudwa kosafika povuta. Koma si choti muwonjezere pa mankhwala ena. Chikakumana ndi fluoxetine chingayambitse vuto loopsa lotchedwa serotonin syndrome: kunjenjemera, thukuta, kutentha thupi, kusokonezeka mutu. Chimachititsanso chiwindi kutaya msanga mankhwala ena, kuphatikizapo ma ARV monga dolutegravir, efavirenz ndi nevirapine, mapiritsi olera, ndi warfarin. Kwa munthu amene ali pa ma ARV, zotsatira zake ndi kachilombo kuchulukanso m'magazi ndi kuyamba kusamva mankhwala. 5-HTP ndi SAMe nazo zingabweretse serotonin syndrome zikaphatikizidwa ndi fluoxetine.

Chinthu china chimene ogulitsa satchula: zinc, ayironi, calcium ndi magnesium zimamatirira dolutegravir m'mimba, n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Kuyambira 2019 Amalawi ambiri amene ali pa ma ARV amamwa piritsi lokhala ndi dolutegravir. Lamulo lake ndi kumwa ARV maola awiri musanamwe michereyi, kapena maola 6 mutaimwa. Funsani kukiliniki ya ma ARV musanayambe botolo lililonse la mavitamini osakaniza.

Omega-3 wambiri amachedwetsa magazi kuundana, choncho amene akumwa warfarin kapena asipulini tsiku ndi tsiku afunse kaye. Zinc womwedwa wambiri kwa miyezi amachepetsa kopa m'thupi, vitamini B6 akachuluka amawononga mitsempha ya kumapazi. Ndipo botolo la mafuta a nsomba limene lakhala padzuwa la October pabenchi ya kumsika limakhala litavunda kale. Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo ngati mwagwirizana ndi dokotala kuti mugule, gulani kufamase yovomerezeka ndi bungweli. Wogulitsa amene akukulonjezani kuti botolo limodzi lichiza shuga, BP, kukhumudwa ndi mphamvu za m'nyumba, kenako n'kukupemphani kuti mubweretse anzanu atatu, ali pamalonda.

Mukapita kuchipatala

Nyamulani buku lanu la kuchipatala ndi mabotolo onse amene wodwala akumwa, a zitsamba omwe. Pachipatala cha boma ngati cha Kasungu funsani namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo. Auzeni mankhwala amene munamwapo, mlingo wake, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi masiku amene munadumpha. Nenani zoona za mowa ndi chamba. Nenaninso kuti munali msilikali ndi zimene zimakubwererani usiku, ngakhale mwachidule, chifukwa dokotala sangaganizire PTSD ngati simutchula. Pemphani kuti akuyezeni magazi, shuga ndi HIV ngati papita nthawi.

Pali pepala la mafunso 9 lotchedwa PHQ-9, limene lilipo m'Chichewa, loyezera kukula kwa matendawa. Ngati dokotala wavomera kuti muyese chowonjezera, yesani chimodzi chokha, musasiye mankhwala anu, yankhani mafunsowa poyamba, ndipo muyankhenso pakatha masabata 8. Ngati nambala sinatsike, siyani botololo, musaguleko lachiwiri.

Funsaninso za uphungu wolankhulana, chifukwa umboni wake ndi wamphamvu kuposa wa botolo lililonse latchulidwa pano. Njira ya Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Zimbabwe, yayesedwanso m'zipatala zina za kuno. Matenda akavuta, chipatala cha boma chingakutumizeni ku Zomba Mental Hospital, ndipo a Saint John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kukumana ndi asilikali anzanu opuma, monga kudzera ku Veterans and Ex-Service League of Malawi, kumathandiza pa kusungulumwa kumene mapiritsi safikako.

Inu amene mumasamalira wodwala, pali ntchito imodzi yosadikira mawa. Pakhomo pa mlimi wa fodya pamakhala mankhwala ophera tizilombo, a kunazale, a kumunda ndi osungira chimanga, ndipo ndi oopsa kwa munthu amene wataya mtima. Atsekereni ndi loko, kiyi asunge munthu wina, kapena akasungidwe kwa mbale wa nyumba ina. Ngati pali mfuti, ichoke pakhomopo. Amitriptyline musunge ndinu, muzimupatsa wa tsiku limenelo lokha. Akayamba kunena zoti watopa ndi moyo, kugawa katundu wake kapena kutsanzika, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati muli kutali, imbani Chipatala Cha Pa Foni pa 929 kuti akuuzeni koyambira pamene mukufunafuna galimoto kapena njinga yamoto.